Nkhope Zimene Overstone Anaphimba

Overstone anafika ku Dublin ndi kamera komanso maloto opanga mafilimu, koma zaka zinatha akungojambula maukwati a Amalawi anzake, amene ankamulipira ndi zikomo ndi mpunga wotsala. Ankagona m'kachipinda konyowa ku Ballymun. Anzake amene anabwera nawo anali atamanga kale nyumba ku Lilongwe, ndipo nsanje inkamudya. Mapepala ake anali asanalongosoke, moti kwawo ku Ntcheu sakanatha kupita. Amayi ake ankangowaona pafoni, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi.

Ndiye anamva za Kalisto, bambo wa ku Zambia wokhala ku Finglas, amene ankagawa maphasolo pa vani koma anthu ankanong'onezana kuti ali ndi zizimba zoitanira chuma.

"Ba Overstone, ndalama zili m'kamera yanuyi," anatero Kalisto akupaka timafuta takuda pagalasi la kamerayo. "Ntchito ibwera this week. Musaikane, olo ikhale yonyansa bwanji."

"Nanga malipiro anu, bwana?"

"Sinifuna cash. Nkhope iliyonse imene mudzaphimbe pa filimu, ine nidzatenga imodzi mwa nkhope za anthu amene muwadziwa. Munthuyo sadzafa. Kungoti simudzamuonanso kumaso."

Overstone anaseka chamumtima. Paukwati ndani amaphimba nkhope? Anavomera osaganiza kawiri.

Lachinayi anamuitana anthu opanga mafilimu olaula. Atayamba ntchito m'pamene anamva malamulo ake: aliyense amene sanasaine pepala lololeza kuti aoneke kumaso, nkhope yake iyenera kuphimbidwa, apo ayi filimuyo amaichotsa pa intaneti. Ndipo osasainawo ndiwo anali ambiri. Kalisto ankadziwa zimenezi, mfiti yosalala pakamwa ija.

Tsiku limene anaphimba nkhope yoyamba, anakumana ndi mwini nyumba pamasitepe. Mawu anali omwewo, jekete yomweyo, koma kumaso kunali mbuu ngati windo la basi m'nyengo yozizira. Kenako inapita ya abusa, ya mnzake wometa tsitsi, ya mchimwene wake. Ndalama nazo zinkalowa. Anasamukira ku Dún Laoghaire, m'nyumba yoyang'ana kudoko, n'kumazindikira anthu ndi nsapato zawo. Akachita mantha ankadziuza kuti walira mvula walira matope.

Chitatha chaka, mwa nkhope zimene ankazidziwa popangana ndi Kalisto, inatsala imodzi yokha, ya amayi ake.

Pa nthawiyi n'kuti atanyengerera kale Thelma, mayi wa kwawo komweko amene anali atangodziwana naye, yemwe ankasamalira okalamba ndipo zinthu zinali zitamuthina, kuti ajambulidwe kamodzi kokha.

"Achimwene, nkhope yokhayo," anachonderera Thelma. "Ndimaimba kwaya ine. Mwana wanga ali ku secondary."

"Achemwali, trust me. Olo amayi anu sangakuzindikireni."

Overstone anakhala pakompyuta masiku awiri, chala chikukana kudina. Akaphimba Thelma, nkhope yotsala ija, ya amayi ake, sadzaionanso. Bwana wake wa kumafilimu anamupatsa pothawira: kunja kuli malo ena pa intaneti kumene malamulowo sawatsata, ndipo amalipira bwino. Anawonjezera kuti luso lenileni silibisa nkhope, obisa ndi amantha. Overstone anawakumbatira mawu amenewo. Anadzitcha waluso, n'kutumiza filimuyo Thelma akuoneka poyera.

Sabata isanathe inali itazungulira magulu onse a Amalawi pafoni, mpaka kufika ku Ntcheu. Ntchito inamuthera Thelma, kukwaya anamuuza kuti ayambe wapuma, ndipo mwana wake anasiya kupita kusukulu. Thelma anabwera kudzamupeza Overstone kudoko masana, anthu akuyendetsa agalu awo. Sanakalipe, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri.

"Munanditchula mlongo wanu," anatero. "Ndinakukhulupirirani chifukwa ndinu wakwathu."

Anatembenuka n'kumapita. Ku Dublin sanaonekenso.

Lamulungu foni ya Overstone inalira. Mawu anali a amayi ake, duku lawo lomwelo, koma nkhope inali ya Thelma, maso ali gwa pa iye. Anathamangira ku Finglas.

"Bwana, sindinaphimbe. Pangano lathu ndasunga."

"Mwasungadi," anayankha Kalisto akulongedza maphasolo. "Nkhope imene munakana kuibisa ni yanu lomba. Muziiona."

Kuyambira pamenepo woyendetsa basi anali Thelma, wogulitsa m'shopu anali Thelma, wapolisi anali Thelma. Kamera inamukanika kugwira ndipo ntchito inatha.

Mu Juni amayi ake anamwalira. Itafika nthawi yoona nkhope, amalume ake anaimba foni n'kuikweza pamwamba pa bokosi.

"Mphwanga, aone komaliza amayi ako."

Overstone anayang'anitsitsa, akupempha Mulungu kuti amubwezere kwa kamphindi kokha. M'bokosimo munagona Thelma. Anapukuta m'maso, n'kuyang'ananso, mpaka anamva akukhomerera chivundikiro.

Lero mukadutsa ku Ballymun mungamuone pamalo odikirira basi, akugwadira aliyense wotsika n'kumati, "Achemwali, pepani." Azungu amangomulambalala.

Chuma cha zizimba sichibwera chaulere, ndipo wochipereka amakhala atakutchera kale msampha. Munthu amene dyera lamufikitsa pogulitsa womukhulupirira kuti apulumutse zake, amataya zonse ziwiri.