Motoka ya Tiza Yopanda Zitseko

A Adamson anamulakwira Tiza. Dzina lawo sindibisa. Iwo ndi atate ake aang'ono.

Atate a Tiza ankapanga mamotoka a waya. Tiza ankakhala pafupi, kumayang'ana. Kenako atate anamwalira. Maliro atangotha, a Adamson anabwera ndi wilibala. Anatenga bokosi la zipangizo. Anatenga mawaya onse. Pakona panatsala kamtolo kamodzi ka waya. Kamodzi basi!

Tiza ndi amayi ake anasamukira ku Chililalila. Kumeneko Tiza analibe mnzake. M'mawa amayi ankapita kumsika. Tiza ankatsala yekha. Ankadya yekha. Ankasewera yekha.

Tsiku lina anatulutsa kawaya kaja. Ana atatu a pamsewu anamuona. Anali Bwembya, Monalisa ndi Ezra.

"Iwe, ukupanga chiyani?" anafunsa Bwembya.

"Motoka," anatero Tiza.

"Uikepo zitseko zotseguka," anatero Bwembya. "Ukatero, ndizisewera nawe."

"Ayi, uikepo malaiti," anatero Monalisa. "Yopanda malaiti ndi wilibala."

"Ine ndikufuna ngolo kumbuyo," anatero Ezra. "Yaikulu, yonyamula makala."

"Chabwino," anatero Tiza. "Chabwino. Chabwino."

Ankaopa kukana. Ankafuna anzake onse atatu.

Tiza anapinda zitseko. Kawaya kanachepa. Anapinda malaiti. Kawaya kanachepa. Anapinda ngolo. Kawaya kanatha!

Mawilo analipo, a tizitini ta polishi. Koma panalibe waya womangira mawilo. Panalibenso chiwongolero.

Ana aja anabweranso. Bwembya anakankha motoka. Motoka inangokwekwereza m'fumbi. Kenako inagwa chammbali.

"Iyi si motoka," anatero Bwembya. "Ndi khola la nkhuku!"

Onse anaseka. Onse anachoka. Tiza anatsalanso yekha.

Amayi anafika ndi dengu pamutu. Anapeza Tiza akulira.

"Walira chiyani, mwanangu?"

"Ndaika zonse zimene anafuna. Koma siyenda."

Amayi anatula dengu. Anakhala pansi.

"Atate ako ankayamba ndi chiyani?"

Tiza anapukuta misozi. Anaganiza. Anakumbukira manja a atate ake. Atate ankayamba ndi mawilo. Ankawagubuduza pansi kaye. Zina zonse zinkabwera pambuyo.

"Ankati, iyende kaye," anatero Tiza.

"Eya. Ankatero kumene."

Tiza anamasula zitseko. Anawongola waya ndi mwala, chifukwa bokosi lija linapita. Zala zinamupweteka. Anamanga mawilo.

Anamasula malaiti. Anamasula ngolo. Analumikiza mawaya. Anapanga chiwongolero chachitali, chofika m'chiuno.

Motoka inalibe zitseko. Inalibe malaiti. Inalibe ngolo. Tiza anapita nayo pamsewu yekha. 

Anakankha. Kwee, kwee, kwee! Motoka inayenda. Inazemba dzenje. Inakhota pampopi.

Ana aja anabwera chothamanga.

"Zitseko zanga zili kuti?" anafunsa Bwembya.

"Palibe," anatero Tiza. "Koma ikuyenda."

"Nanga malaiti?" anafunsa Monalisa.

"Palibe. Koma ikuyenda."

Ezra sanafunse za ngolo. Anangotambasula dzanja.

"Ndiyendetseko, mwandi."

Ezra anayendetsa. Monalisa anayendetsa. Bwembya anayendetsa kawiri, osafuna kusiya.

"Wofuna zitseko abweretse waya wake," anatero Tiza. "Koma iyende kaye."

M'mawa mwake anabweretsa. Bwembya anali ndi waya wa mpanda wakale. Monalisa anali ndi tizitini. Ezra anali ndi mphira. Onse anakhala pakhomo pa Tiza.

"Tiyambe ndi zitseko," anatero Bwembya.

"Iyende kaye!" anakuwa Monalisa ndi Ezra.

Amayi anaseka. Anali ataleka kuseka kalekale. Anadula nzimbe. Aliyense analandira yake. Tiza anatsamira pamwendo wa amayi ake. Sanadyenso yekha.

Bokosi lija likadali kwa a Adamson. Sadziwa n'kupinda waya komwe. Langochita dzimbiri pansi pa bedi.

Tsopano iwe amene wawerenga, usangotseka buku. Bokosi limenelo ndi la ndani, la a Adamson kapena la Tiza? Undiyankhe mokweza. Ndikufuna a Adamson amve.