Dzanja Linkathawa

Mtembo unali pa bedi la pakona, pilo ali pansi. Sajeni, mayi amene anakalambira pa milandu yakupha, anayang'ana milomo yakuda bii, kenako zikhadabo za malemuyo. Zinali zobiriwira ngati zopanidwa ndi chitseko. Munthuyu anali dalaivala wa lole, ndipo anabwera m'chipatalamu atamenyedwa ndi chitsulo m'mutu. Womumenyayo anali asanapezeke.

Achipatala anali ataloza kale chala namwino wa kafukufuku, poti ndiye anali womaliza kugwira malemuyo. Zikavuta, anthu ovala zoyerawa amathawana msanga. Sajeni anatengera namwinoyo m'kachipinda kosungira mankhwala.

"Zikhadabozi munazitani, asisi?"

"Ndi ntchito yathu, bwana. Ovulala ubongo timawaika m'magulu atatu: ovulala pang'ono, apakatikati, ndi akayakaya. Timaona ngati akutsegula maso, kuyankhula kapena kusuntha. Akapanda kumva mawu, timakanikiza chikhadabo kuti tione ngati akumva ululu. Sindinaphe munthu ine! Ndili ndi mwana woyamwa, chonde musanditsekere."

"Malemuwa anali gulu liti?"

"La akayakaya. Koma m'mawa uno ndinawaika kwa apakatikati. Anatsegula maso."

"Mutawakanikiza?"

"Ayi. Odwala otere amamva msanga mawu a m'bale wawo, ndiye ndinapempha ang'ono awo kuti awaitane. Atangoti 'Achimwene', odwalawo anatong'ola maso, mtima n'kuyamba kuthamanga, dzanja likugwedezeka. Ine n'kukondwa, ndinati, 'Mwaonatu? Mawa kapena mkuja ayankhula.'"

Sajeni anasendera pafupi.

"Dzanjalo linkapita kwa mng'ono wawoyo, kapena linkathawa?"

Namwinoyo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Linkathawa. Ife timangoona kuti lasuntha basi."

Sajeni anatuluka, n'kumupeza mng'onoyo pakhonde, akulira mokweza kuposa mkazi wa malemu. Sajeni anamukokera pambali.

"Pepani ndi zovutazi, bambo. Koma tandiuzani, achimwene anu ankaopa chiyani atamva mawu anu?"

Kulira kunatha nthawi yomweyo. Munthuyo anayang'ana kuchipata, n'kuonako apolisi. Anakhala pansi.

"Ndinagunda munthu ndi lole yawo, ndinathawa. Iwo anati akandinenera, ndiye ndinawamenya. Madokotala atati sadzadzukanso, ndinkawasambitsa ndi kuwatembenuza ndekha, ndimati mwina Mulungu andikhululukira. Lero anandiyang'ana, mayi. Anandidziwa. Anamwino atangotuluka, ndinatenga pilo."

Unyolo unalira. Sajeni anabwerera kukachipinda kuja.

"Mwamasuka, asisi. Pitani mukayamwitse mwana."

Namwinoyo sanadzuke. Anali wotuwa ndi mantha kuposa poyamba.

"Bwana, malemu aja ankandipempha kuti ndiwapulumutse, eti? Ine ndinawasisita paphewa, ndinati, 'Mwakhoza, bambo', n'kuwasiya awiriwiri. Chitseko ndinatseka ndine."