Jekete la Malemu

Yeremiya anatuluka m'tchalitchi Misa isanathe, jekete lalikulu likulendewera m'mapewa mwake. Kumbuyo kwake ana a kwaya anali atabisa nkhope m'mabuku a nyimbo, akufa nalo phwete. Iye anali atayamba bwino ndithu kuimba Salimo, koma pakati mawu anathyoka n'kumveka ngati tambala wophunzira kumene kulira.

Vuto lonse linali dzina. Mnyamatayu anabadwa mwezi womwe anamwalira malume ake, a Yeremiya, woimbitsa kwaya wotchuka ku Bembeke konse, ndiye abale anangomupatsa dzina lawo. Kuyambira pamenepo mayi ake, a Kristina, sankamuitana kuti mwanawe ayi, ankati "achimwene". Akaseka, ati kasekedwe ka malemu. Akakana therere, ati malemu ankalikonda, idyani basi. Tsono tsikuli, pa Misa yokumbukira malemuwo, anamuveka jekete lawo n'kumukankhira kutsogolo, chonsecho iye anali atanena poyera kuti kuimba satha.

Anatsetsereka mpaka kudimba la mbatatesi, mkwiyo utamufika pakhosi. Anavula jekete lija n'kuliponya m'ngalande. Chisanu chinamuluma m'mikono, koma analibe nacho ntchito.

Posakhalitsa mayi ake anatulukira ali wefuwefu.

"Achimwene, mwatani kodi? Chovala chaulemu ngati chimenechi mpaka m'matope?"

"Musanditchulenso choncho!" anakuwa Yeremiya. "Achimwene anu ali kumanda! Ine munandibereka nokha, koma simunandionepo n'kamodzi komwe. Mukandiyang'ana mumaona munthu wakufa. Lero mpingo wonse wandiseka chifukwa cha inu. Ndatopa nazo, amayi, ndatopa!"

A Kristina anatola jekete lija, kulifinya madzi, n'kukhala pansi pamzere ndi chitenje chawo cha kutchalitchi chomwe. Misozi inayamba kutsika ndipo sanaibise.

"Ndinkaopa kuiwala nkhope yawo," anatero chapansipansi. "Ndakulakwira, mwana wanga. Kuimba wakana, ndamva. Tandiuza tsono, iweyo umakonda chiyani? Ukufuna kudzakhala ndani?"

Yeremiya anali atakonzekera kumenyedwa khofi. Anali atakonzekeranso mawu ena owawa kuposa oyamba aja. Koma funso limeneli linamupeza chimanjamanja. Zaka zonsezi ankadziwa bwino lomwe zimene sankafuna, moti akanatha kuzitchula mpaka dzuwa kulowa. Anafufuza mumtima kuti apeze chakechake choti aonetse mayi ake, koma anangopezamo mkwiyo wokhawokha, ndipo anachita mantha.

Anakhala pansi pambali pawo, maso ali pa masamba a mbatatesi.

"Sindikudziwa, amayi," anayankha mawu atatsika. "Palibe anandifunsapo. Ngakhale ineyo sindinadzifunsepo."