Tizilombo Todya Petulo

Kamphuno ankafuna kumwa madzi a pa mpopi wa kuseri kwa nyumba. Koma mpopiwo unali womanga ndi waya. Madzi ake ankanunkha petulo.

Pafupi panali malo omwetsera magalimoto. Thanki yake inabooka pansi pa nthaka. Mankhwala a mu petulo analowa m'chitsime cha mpopiwo. Tsopano Kamphuno ankatunga madzi kutali. Khosi linkamuwawa.

Tsiku lina kunabwera mayi wa jombo zazitali. Anaika mgolo waukulu pafupi ndi chitsime.

"Mayi, m'menemo muli chiyani?" anafunsa Kamphuno.

"Muli mchenga ndi tizilombo, mwanangu. Tizilomboti timadya mankhwala a petulo."

Kamphuno sanakhulupirire. Tizilombo timatsegula m'mimba. Aphunzitsi anatero. Amayi ake anateronso. Ndiye mlendo abweretse tizilombo dala?

Mayi uja atatembenuka, Kamphuno anasuzumira mumgolo. Munali zoterera. Munali zakuda bii. Uve wokhawokha.

Anatenga sopo. Anatenga burashi. Anakwera pa njerwa.

Mayi wa jombo anamugwira mkono.

"Sopoyo apha tizilombo tonse. Ndiye petulo adya ndani? Iwe?"

Amayi ake a Kamphuno anatuluka m'nyumba, manja ali m'chiuno.

"Mwanayo musiyeni. Inu, madzi anuwo mudzamwa?"

"Akayezedwa, ndidzamwa."

"Muyambe ndinu. Kapu yodzaza. Zolawa sindifuna."

"Chabwino."

"Ine ndikuona."

"Inu mukuona."

Madzi a m'chitsime ankadutsa mumgolo pang'onopang'ono. Kamphuno ankawanunkhiza. Lero fungo. Mawa fungo. Kenako kafungo. Kenako zii.

Mayi uja anatenga madzi m'botolo. Anapita kukawayeza. Anachedwa.

"Athawa," anatero Amayi.

Koma sanathawe. Anabwera. Anati m'madzimo mulibenso petulo. Anathira mankhwala m'madzi otuluka mumgolo.

"Awa ndi ophera tizilombo ta m'mimba tija," anauza Kamphuno.

Anamasula waya. Anadzaza kapu. Anamwa. Amayi ankayang'ana pakhosi pake. Kamphuno ankayang'ana mukapu. Simunatsale dontho.

"Khalani pansi kaye," anatero Amayi. "Tione ngati mugwe."

Mayi wa jombo anakhala pansi. Anaseka. Sanagwe.

Amayi anatunga. Anamwa okha kaye. Anapukuta pakamwa. Anatunganso, n'kupatsa Kamphuno.

Madzi anali ozizira. Anali okoma.

"Imwa msanga," anatero Amayi. "Mng'ono wako akudikira kapu."