Manja Ake, Nkhope ya Wina

Anakumana pa masitepe a fakitale yakale ya sopo, yomwe inali itagawidwa ndi matabwa kukhala tizipinda ta anthu aluso. Pansi panali oumba ndi owotcherera zitsulo, pamwamba ojambula. Fungo la sopo linali lisanathe m'makoma, koma linkalimbana ndi la penti.

Make Katsabola anali atangopeza kakona kosokera pamwambapo. Tsikulo ankakweza mashini yekha, mwana ali kumbuyo, pamene mnyamata wa ovololo yothimbirira mitundu yonse anatsika n'kumulanda katunduyo.

"Manja ngati awa sanyamula chitsulo, asisi," anatero. "Awa ndi ojambulidwa."

Iye anangoti zikomo, n'kubisa msanga dzanja lamanja lomwe linali ndi chipsera cha simbi. Mawu otsekemera ankawadziwa. Bambo a Katsabola anali nawo ambiri, komabe anasowa mwana asanamere mano.

Mnyamatayo anthu ankangomutcha Maburashi. Sanathamange naye ayi. Ankabweretsa tiyi, ankajambulira Katsabola amphaka pa makatoni, mpaka kamwana kolusa kaja, kamene kankaluma aliyense wokanyamula, kanayamba kugonera pamiyendo pake. Kenako mameseji anayamba.

"Dzuwa langa, wadzuka bwanji? Kuno zenera lilipo koma kuwala kulibe. Fulumira."

Ndani akanalimba mtima? Make Katsabola ankawerenga, n'kuika foni pansi, n'kuitolanso.

M'nyumbamo munali lamulo limodzi lomwe Anti Oumba, mayi wamkulu wa pansi, anamuuza tsiku loyamba. Chithunzi chikayang'ana kukhoma, ndiye kuti sichinathe, ndipo palibe wochitembenuza, ngakhale mwininyumba. Wochita zimenezo anzake amasiya kumupatsa moni.

Choncho Maburashi atamupempha kuti amujambule, sanadabwe kuuzidwa kuti adzaona chikatha. Anamubweretsera nsalu yoyera kuti asoke diresi la thupi lake lomwe. Atalivala, anamukhazika pafupi ndi zenera, namuveka mphete. Inali yothina, moti pochotsa ankachita kupaka sopo.

"Ndiisungabe ine, wokondedwa," ankatero akuibweza m'thumba. "Tsiku lotsegulira anthu nyumba ino ndidzakuveka pamaso pa onse. Ndikulonjeza, Katsabola sakula wopanda bambo."

Iye anapempha chinthu chimodzi, kuti chipsera chija asachijambule. Maburashi anaseka, nati burashi yake siinama, imaika chimene diso laona. Ankanyadira zimenezi kwa aliyense.

Koma munthu wokhala phee amaona zambiri. Make Katsabola anaona kuti maso a mnyamatayo ankathera pa manja, pa mapewa ndi pa mapindo a diresi. Kumaso sankamuyang'ana. Burashi ikakwera cha kumutu, iye ankasuzumira pa foni imene ankaitsamiritsa pa chitini cha penti.

Atafunsa, anayankhidwa kuti nkhope yake anailoweza kale, ili mumtima, ndipo pafonipo amangoona nthawi. Nthawi yanji yoonedwa ndi kumwetulira?

Masana ena Maburashi anatsika kukagula misomali. Chithunzi chinali apo, chafulatira. Make Katsabola anafika nacho pafupi mpaka kugwira thabwa lake, mtima ukugunda ngati mashini osowa mafuta. Bwanji ngati akungodzivuta? Bwanji ngati atawononga chinthu chabwino choyamba m'moyo wake chifukwa cha mantha akale? Anabweza dzanja. Diresi nalonso analisiya komweko, poti anauzidwa kuti mapindo sanathe.

Tsiku lotsegulira linafika. Zitseko zonse zinali pululu, nyimbo zikulira, anthu a mumzinda akukwera ndi kutsika ndi matambula m'manja. Make Katsabola anali ataitana akulu ake, amene anabwera atatchena, akumutsina kuti lero aone mlamu wa penti ameneyu. Katsabola, yemwe anali atayamba kumutcha Maburashi adadi, ankadumphadumpha akufunsa kuti adadi ali kuti.

Kenako pakhomo panalowa mtsikana wamtali, atagwirana mkono ndi mwininyumba. Anti Oumba ananong'ona kuti ndi mwana wa mwininyumbayo, wangobwera kumene kuchokera ku sukulu kunja.

Make Katsabola sanamve zotsatira. Ankayang'ana diresi. Msoko wa m'khosi unali wake, mabatani anaika yekha. M'chiuno mokha ndimo munali mutabwezedwa ndi telala wina wa dzanja lolemera. Pachala cha mtsikanayo panali mphete ija.

Maburashi anaombera m'manja, nati chithunzichi ndi mphatso kwa bwenzi lake lomwe analidikira nthawi yaitali. Polankhula sanayang'ane kukona ya mashini. Anakoka nsalu yophimba.

Nkhope inali ya mtsikanayo, yokongola, yomwetulira ngati ya pafoni. Anthu anaomba m'manja. Ataleka, kamawu kakang'ono kanamveka holo yonse.

"Amama, manja anu awo! Onani pomwe munapsa!"

Onse anayang'ananso chithunzicho. Chipsera chinalipodi pa dzanja lamanja, chojambulidwa bwino lomwe, mpaka kakhungu konyezimira m'mphepete. Burashi siinaname.

Mtsikanayo anayang'ana manja ake osalala, nayang'ana chithunzi, kenako mayi wa mwanayo. Anafunsa motsitsa kuti mayiwo ndi ndani.

Akulu ake a Make Katsabola anali atavula kale nsapato imodzi kuti amenye nayo Maburashi, koma Make Katsabola anawagwira. Kenako anapita yekha kutsogolo.

"Ndine telala, asisi. Diresi mwavalalo ndinasoka ndine, ndipo ndinayamba kulivala ndine." Analoza chala cha mtsikanayo. "Mphetenso imeneyo imathina. Pochotsa muzipaka sopo."

Maburashi anayamba kufotokoza kuti awa ankangothandiza, kuti ojambula onse amatero pamene mwini thupi ali kutali. Katsabola anathamanga n'kumukumbatira mwendo.

"Adadi, bwanji amama mwawadula mutu?"

Palibe anaseka. Mwininyumba anaika tambula yake pansi pang'onopang'ono.

Make Katsabola anagwira chithunzi chija mbali zonse ziwiri. Chinali cholemera kuposa mmene ankaganizira, koma anachinyamula, nachiimika pansi chitayang'ana kukhoma. Ojambula onse anaona, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anasuntha kuti achitembenuze. Anti Oumba anangogwedeza mutu.

Make Katsabola anamasula timanja ta mwana pa mwendo uja, kachala kamodzikamodzi, n'kumubereka. Ali pakati pa masitepe foni inalira m'chikwama.

"Dzuwa langa, usapite. Ndikufotokozera zonse."

Kumbuyo kwawo kunamveka mawu a mtsikana uja akufunsa Anti Oumba komwe kuli sopo.

"Adadi akubwera?" Katsabola anafunsa, tsaya lili pa msana wa amake.

Make anazimitsa foni, napukuta maso ndi dzanja la chipsera lija, osalibisanso.

"Si adadi aja, mwanawe. Aja amangojambula."