Mkazi wa pa Pepala

Chaka cha 1986 sopo ankasowa ku Lichinga. Akamveka kuti wafika ku sitolo ya koperativa, anthu ankandanditsa miyala pamzere kuti iwasungire malo. Felizarda anaika wake m'mamawa, chisanu chikuluma zala. Pobwerako anaona mnyamata wamtali akuumenya mwalawo ndi phazi mpaka unakagwera m'ngalande.

"Achimwene, malo angatu amenewo mwawatayawo."

"Pepani achemwali, mwendowu sumva ukaona chobulungira. Imani pamalo panga."

"Nanga inu mukasamba chiyani?"

"Kumwetulira kwanuko kundiyeretsa mlungu wonse."

Felizarda anabisa nkhope m'chitenje chake cha kapulana. Mnyamatayo anali Casimiro, womwetsa zigoli m'timu ya m'tauni. Kuyambira tsikulo sankasowa pakhomo pa a Ambrósio, amalume a Felizarda, kumene mtsikanayo ankakhala chithawireni nkhondo kwawo ku Lione.

Mvula isanagwe, timu yaikulu ya ku Nampula inamutenga Casimiro kuti mpira ukhale ntchito yake.

"Duwa langa la ku Lione, usalire," anatero potsanzikana. "Ndikangopeza pogona, ndidzakutenga. Mtima wanga ndausiya m'manja mwako."

Koma misewu inali ya nkhondo. Makalata ankapsera limodzi ndi magalimoto. Felizarda ankangomva dzina la wokondedwa wake pa wailesi ya amalume: lero chigoli chimodzi, mlungu wamawa ziwiri.

Kenaka kunafika Zeferino, dalaivala woyenda ndi asilikali operekeza magalimoto.

"Mlongo wanga, usadikire mthunzi. Casimiro anakwatira. Kalaliki wa timu yawo ndi mnzanga, anandionetsa m'kaundula."

Felizarda analira mpaka maso kutupa. Malonjezo onse aja anali mphepo chabe? Dzina likangomveka pa wailesi limaiwalitsa munthu kwawo? Wailesi ikayamba za mpira, iye ankatuluka kukapalira mbatata.

Patatha miyezi isanu, timu ya ku Nampula inatera pandege kudzalimbirana chikho. Felizarda anakana kupita kubwalo, koma phokoso linamupeza kumunda komweko. Casimiro anamwetsa zitatu, chomaliza ndi mutu! Anthu a ku Lichinga anaiwala kuti timu yawo yagonja, anamunyamula mwana wawo pamapewa.

Dzuwa lisanalowe, Casimiro anaima pakhomo, matope akadali m'miyendo.

"Wapamtima wanga."

"Akazi anu ali bwanji, bambo?"

Casimiro anapisa dzanja m'thumba. Kenaka anatulutsa pepala lokhala ndi zidindo ziwiri.

"Popanda chikalata chaulendo munthu sakwera ndege, ukudziwa. Timu imapezera chikalata ndi mpando mkazi wa wosewera yekha, chibwenzi ayi. Ndiye ndinalembetsa kuti ndine wokwatira. Ndinakulembera kanayi kukufotokozera. Tawerenga dzinalo."

Felizarda anawerenga. Linali dzina lake.

A Ambrósio, amene ankakonza khasu pambali, anatsokomola.

"Ndiye mwatikwatirira mwana ndi cholembera basi? Ankhoswe anali ndani, kalalikiyo?"

"Ndinalakwa, amalume. Ndinathamanga."

"Kuthamanga n'kwa kubwalo uko. Pakhomo pano timayenda."

"Ndege inyamuka mawa masana," anatero Casimiro motsitsa mawu, akuyang'ana Felizarda. "Ukakana, ndikaling'amba pamaso pa akuluakulu a timu."

Felizarda anapukuta misozi. Mkwiyo unalipobe, koma chimwemwe chinkaukankhira kunja. Analipinda pepalalo bwinobwino, nalimanga pamfundo ya kapulana.

"Wandiliritsa miyezi isanu, Casimiro. Ine sindikwera ndege ndi bodza. Kaitane amalume ako adzakhale pansi ndi anga, kuti zolembedwazi zikhale zoona."

"Lero lomwe?"

"Ukuimiranji? Dzuwa likukusiya."

A Ambrósio anatsegula pakamwa kuti amukumbutse zoyenda pang'onopang'ono, koma womwetsa zigoli uja anali atalumpha kale mpanda.