Mfundo za Basu

"Amayi, kodi munthu wakufa angakwere mtengo?"

Ito, mwana wanga, anandifunsa choncho m'mawa wina tikukanda ufa wa buledi. Ndinamuuza kuti asamale manja ake, koma ndinkadziwa kumene funsolo lachokera.

Tuda, mnzanga wa nyumba yogundana ndi yathu, anali atangoika m'manda mwamuna wake Basu. Anavala zoyera, ndipo kwa miyezi inayi ndi masiku khumi sankayenera kutuluka kapena kucheza ndi mwamuna wapadera. Tsoka lake, inali nyengo imene kanjedza amachita maluwa kuno ku chigwa cha Draa. Ngati munthu sakwera kukamangirira timaluwa ta mtengo wamphongo pa tsango la mtengo waukazi m'masiku ochepawo, chaka chimenecho tende, zipatso za kanjedza, palibe. Tuda anali ndi mitengo isanu ndi iwiri kuseri kwa khoma, ana atatu aang'ono, wokwera analibe.

Koma m'mawa umenewo mitengo iwiri inapezeka yomangidwa kale. Ndinapita kukaona pa umene unali waufupi. Mfundo yake inali yopita kumanzere, yobwereza kawiri, mchira wa tsamba wolowetsa m'mwamba. Mudzi wonse umadziwa kuti mamangidwe amenewo ndi a Basu, amene anali wamanzere.

Mwamuna akamakwera kanjedza amafuula kuti akazi okhala pamadenga athu afulatiwa abisale. Palibe amene anamva mfuu. Tsiku lotsatira inamangidwanso iwiri, ndipo pachitsime mawu anayamba kuyenda. Ena ankati manda a Basu ang'aluka kumutu, ena ankati ndi majini a m'ngalande, ndipo tende zake asadye munthu.

"Akazikana pamsika, ana anga adya chiyani?" Tuda anandinong'oneza titatsamira kakhoma kolekanitsa madenga athu.

Usiku wachitatu tinakhala padenga lake titafunda bulangete limodzi. Kunalibe mwezi. Achule a m'ngalande analira, kenaka anangoti zii onse pamodzi. Ndiye tinamva: khwee, khwee, ngati chingwe chikukhula thunthu, kupuma pang'ono, khwee. Makwaule, masamba a kanjedzawo, anagwedezeka popanda mphepo. Wina ankapuma movutikira mumdimamo, chapafupi ndi nkhope zathu.

Tuda anandigwira dzanja mpaka kupweteka.

"Achemwali, mundiuze kuti si iwo."

"Akanakhala iwo bwenzi atafunsa kale tiyi," ndinatero.

Phazi linaterereka pathunthu. Chinthucho chinabuula, n'kutukwana bondo lake, ndi bulu amene analibereka. Tuda anabisa nkhope m'bulangete, mapewa akugwedera, kuseka ndi kulira pamodzi. Anali Addi, wotsimphina wa kumapeto kwa mudzi, amene anakangana ndi Basu za madzi ndipo kwa zaka khumi sankapatsana moni. Masana sakanabwera, anthu akanamunena wamasiye wovala zoyera.

Kutacha, mitengo yonse isanu ndi iwiri inali yomangidwa.

Lachinayi ndinakumana naye panjira ya kumsika, akukoka bulu.

"Bondo likupeza bwanji, achimwene? Ndikumva usiku limayendayenda."

Anayang'ana uku ndi uku. "Inu akazi a pamadenga, makutu ngati a mbewa. Chaka chimene ndinagwa mumtengo chija, ndili chigonere, ndinapeza mitengo yanga isanu ndi umodzi yomangidwa chamanzere. Basu, munthu wamwano uja, sananenepo kanthu mpaka kufa. Ndamubwezera isanu ndi umodzi yake, mamangidwe ake omwe, adziwe kuti ndinaona. Tathana."

"Nanga wachisanu ndi chiwiri?"

"Wautali wa pakona uja?" Anadzimenya pabondo. "Ndi ili? Ndinangouyang'ana ndili pansi. Muuzeni Tuda apeze mnyamata, masiku akutha."

Anakoka bulu wake n'kumapita, akutsimphina. Anthu a pachitsime ndinawauza za Addi, ndipo za majini zinathera pomwepo. Za mtengo wa pakona sindinauze munthu.